Kotsika Lendi, Kodi Tulo Tiliko?

Kalata yokweza lendi sichuluka mawu. Eni nyumba amalemba mizere itatu kapena inayi, kudandaula za mtengo wa simenti, malata ndi penti, kenako n'kutchula ndalama yatsopano ndi tsiku loyambira. Ena masiku ano salembanso n'komwe, amangotumiza uthenga pa WhatsApp anthu ali pa nsima yamadzulo. Kuchokera pomwe ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mauthenga otere afika m'makomo ambiri mu mzinda wa Blantyre, pomwe malipiro a anthu akungokwawa. Banja lokhala ku Chitawira, ku Nkolokosa kapena ku Kanjedza likawerengetsera n'kuona kuti theka la malipiro likuthera kwa alandilodi, limayamba kutchula maina omwe kale linkawatchula mopinda milomo: Ndirande, Mbayani, Bangwe, Chirimba, Chilobwe, Machinjiri. Pamenepo m'nyumba mumabuka mkangano. Wina amati tisamuke tisanachite manyazi. Wina amati bola tizidya bonya tili konkuno kusiyana n'kukagona khutu lili kukhomo.

Onse awiriwa akuopa, kungoti akuopa zosiyana, ndipo chimene aliyense akuopacho chinawagwerapo anthu enieni. Kawirikawiri amene amasunga ndalama za pakhomo ndiye amakoka nkhani yosamuka, pomwe amene amafika kunyumba kutada ndiye amakana. Musaganize kuti wokoka nkhaniyo amakhala bambo nthawi zonse. M'makomo ambiri ndi mayi, chifukwa ndi iye amene amayankha foni ya eni nyumba tsiku la 5 likadutsa ndalama isanaoneke.

Tiyambe ndi ofuna kusamuka. Iwowa amati anthu akamakamba za chitetezo amangoganiza za mbava, kuiwala kuti lendi yoposa thumba nayo ndi ngozi, ndipo ngozi imeneyi siphonya mwezi. Wakuba akhoza kubwera kapena osabwera, koma eni nyumba amabwera ndithu. Banja likalephera mwezi umodzi limakabwereka ku banki mkhonde. Likalephera wachiwiri limagwada kwa akatapila, kumene chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimatha kufika theka la ndalama yobwerekedwayo, chikole chili firiji kapena TV. Mapeto ake katundu yemwe ankati akabedwa ku Mbayani amatuluka pakhomo dzuwa likuswa mtengo, atanyamulidwa ndi wokongoza ndalama, ku Nkolokosa komweko. Alipo eni nyumba ena omwe sadziwa njira ya kukhoti: amazula chitseko kapena kukhoma loko wawo, ana pochokera kusukulu n'kupeza mipando ili pabwalo. Ndiye wofuna kusamuka amafunsa kuti, nyumba yomwe ungapirikitsidwemo sabata ya mawa ikukuteteza ku chiyani? Ndalama yomwe ikuthera pa dzina la dera ndi yomwe ikanalipira fizi, kugula mankhwala mwana akatentha thupi usiku, kapena kuunjikidwa pang'onopang'ono mpaka kugula kapuloti ku Chileka, ku Lunzu kapena ku Mpemba, kuti tsiku lina nkhani ya lendi idzatheretu.

Ali ndi mfundo ina yovuta kuitsutsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzinda wa Blantyre, ndipo oposa theka amakhala m'madera omwe anamangidwa popanda pulani ya khonsolo. Mmenemo muli aphunzitsi, anamwino a ku chipatala cha Gulupu, amakaniki, abusa, ngakhale apolisi amene. Amadzuka, kupita kuntchito, kubwerako, kulera ana mpaka ena kufika ku yunivesite. Kukanakhala kuti kumeneko munthu sagona, mzinda uno ukanatha kalekale. Mbiri yoipa ya madera enawa ndi yakale kuposa anthu omwe akukhalamo lero. Nthawi ya atsamunda, ku Mandala ndi ku Sunnyside kunali kwa azungu, ndipo anthu akuda omwe ankawaphikira, kuwachapira ndi kuwagwirira ntchito m'makampani ankadzipezera okha pogona kunja kwa malire a tauni. Ndirande inakula motero, m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi ntchito koma kutali ndi mapaipi ndi misewu. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, lili ndi nyumba zake ku Chitawira, ku Nkolokosa, ku Kanjedza ndi kwina, koma ofuna nyumba akhala akuchuluka kuposa nyumbazo chiyambire. Otsalawo anamanga pomwe anapeza malo. Choncho munthu akamati "kumeneko n'kwa mbava", nthawi zina akungobwereza mawu omwe anayamba ndi anthu amene sanapondeko phazi.

Pa nkhani ya mbava yeniyeniyo, ofuna kusamuka sathawa. Amati mpanda wautali umabisa katundu wako kwa wakuba, koma wakubayo akadumpha umamubisanso iyeyo kwa aneba. Kumayadi munthu akhoza kukuwa mpaka kusasa mawu, woyandikana naye ali mkati mwa mpanda wake, jenereta ikulira, agalu akuuwa monga amachitira usiku uliwonse. Pa mdadada wa ku Ndirande chitseko chikangolira mwachilendo pakati pa usiku, makomo asanu amayatsa matochi. Masana pabwalo sipasowa munthu. Wina akuchapa, wina akukazinga mandasi, agogo ali pakhonde, ana akusewera fulaye. Mlendo akangoima pakhomo panu amamva mawu kumbuyo kwake: "Mukufuna ndani, achimwene?" Komanso achifwamba a mfuti ndi galimoto satentha mafuta awo kukaba mbaula ndi mapoto, amalondola komwe kuli ndalama. Ndipo mlonda yemwe amachezera pageti ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe amachokera kumadera omwewa. Madzulo aliwonse amadutsa wapansi njira zomwe abwana ake amaziopa, n'kusiya mkazi ndi ana ake m'nyumba yopanda mlonda. M'mawa amawapeza ali bwinobwino.

Si dera lililonse lotchipa lomwe lili kutali. Wa ku Ndirande amafika wapansi ku mafakitale a ku Makata kapena ku Ginnery Corner, wa ku Mbayani amalowa m'tauni osakwera minibasi, wa ku Bangwe Limbe ili pafupi. Pamsika wa kumeneko zinthu zimagulitsidwa molingana ndi thumba la tsikulo, kamulu ka tomato, kajumbo ka makala, mafuta ophikira a m'kachubu. Mwezi ukafika pakati, zimenezi zimasunga banja.

Tsopano okana kusamuka. Iwowa satsutsa kuti anthu ambiri amakhala kumeneko mwamtendere. Amati amene akukhala mwamtenderewo ndi eni dera, odziwika, omwe anyamata oitanira pasiteji amawapatsa moni powatchula dzina. Wobwera kumene ndi nkhani ina. Tsiku losamuka lenilenilo limamuulula: lole imaima pomwe msewu wathera, katundu n'kumasenzedwa kudutsa m'makomo mwa anthu, aliyense akuona sofa, firiji, TV yaikulu ndi matilesi atatu. Pofika madzulo dera lonse ladziwa kuti kwabwera abwana, ndipo pakatha sabata ladziwanso kuti nyumbayo imakhala yokhoma kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Maso a aneba aja amateteza munthu yemwe anebawo amamuwerenga kuti ndi mnzawo. Kuti ufike pamenepo uyenera kuoneka pamaliro, kusonkha chipepeso, kubwereketsa mchere ndi chaja ya foni, kukaonekera kwa amfumu kapena kwa bulokulida. Banja lotuluka m'mawa n'kubwera usiku, Loweruka lili ku ukwati m'tauni, Lamulungu lili ku tchalitchi chake chakale, limatha chaka chathunthu lidakali alendo.

Chimene chimawaopsa kwambiri si nyumba, koma njira. Pakati pa siteji ya minibasi ndi khomo pamakhala ulendo wa mphindi 10 kapena 20, wodutsa pa kamlatho ka matabwa, kuseri kwa shabini, m'mphepete mwa manda, kapena m'munda wa chimanga chomwe mu Febuluwale chimatalika kuposa munthu. Magetsi a mumsewu kulibe, ndipo magetsi akathima ngakhale mababu a m'makonde mwa anthu sathandizanso. Pamenepo m'pamene anthu amalandidwa mafoni ndi zikwama, ena n'kukhapidwa ndi zikwanje chifukwa chokaniza. Ngozi imeneyi sigwera onse a m'banja mofanana. Bambo woweruka 5 koloko akhoza kulumbira kuti dera lilibe vuto, ndipo sakunama. Mayi yemwe ndi namwino wa mashifiti, mnyamata wogwira ntchito m'sitolo yotseka 8 koloko, mtsikana wa Fomu 4 wochokera kokawerenga madzulo, iwowa amadziwa dera lina ngakhale akugona nyumba imodzi ndi bamboyo. "Inu bambo mumafika kukuwala," amatero mayi wotere. "Ine ndimatsika minibasi anthu atatseka kale zitseko. Muzidzandichingamira tsiku lililonse?" Bambo akayankha kuti muzikwera kabaza, ndiye kuti kabazayo alowe mu bajeti. Komanso akabaza nawo amakana njira zina usiku, poti anzawo akhala akuphedwa n'kulandidwa njinga zamoto.

Palinso ulendo wina waufupi womwe amuna sakonda kuuwerengera, wochoka m'nyumba kupita kuchimbudzi. Pa puloti ya makomo ambiri chimbudzi ndi bafa zimakhala panja, chakumapeto, zogwiritsa ntchito aliyense, chitseko chake mwina chili chiguduli. Kholo lokhala ndi mwana wamkazi wosinkhuka limadziwa chifukwa chake m'nyumba zotere usiku mumalowa ndowa.

Nyumba nayo sitsika mtengo popanda chifukwa. Khoma la zidina lomwe alipaka simenti kunja kuti lioneke lolimba limabooledwa mosavuta, ndipo mvula ikalowerera limagwa lokha popanda wolikankha. Chitseko chimakhala cha matabwa opyapyala, mawindo opanda zitsulo, denga lopanda siling'i loti munthu akakanganula lata limodzi walowa. Ukapempha eni nyumba kuti akonze amati konzani nokha tidzadula pa lendi, ndipo kudulako kumaiwalika. Kumene kulibe msewu, galimoto ya apolisi sifika, ambulansi sifika, ozimitsa moto amaima patali n'kumaonerera utsi. Mayi woyembekezera matenda akamuyamba pakati pa usiku amayamba wanyamulidwa kufikira pamsewu asanaganize za chipatala cha Ndirande, cha Zingwangwa kapena cha Bangwe.

Ofuna kusamuka amayankha kuti kuli a nebahudu. N'zoona, m'madera ambiri khomo lililonse limasonkha kangachepe pamwezi, anyamata n'kumayenda usiku ndi mawezulo ndi zibonga, ndipo kumene mafumu ndi apolisi akuwayang'anira bwino umbava umatsika. Koma okana aja amadziwanso mbali ina ya anyamata omwewa. Amaimitsa munthu wochokera kuntchito ngati wakuba, kumugwaditsa, kumulipitsa. Khomo lomwe lachedwa kusonkha limatha kuthyoledwa mwezi womwewo, anthu n'kumangoyang'anana. Ndipo kumene anthu atopa ndi mbava, mkuwo umodzi woti "wakuba!" umakwana kuti munthu aponyedwe miyala kapena kuotchedwa asanafunsidwe dzina. Kholo la mnyamata wazaka 17 wosadziwika m'deralo limaopa zimenezi kuposa kubedwa kwa TV. Ngakhale lamulo lenilenilo lakhala likulemera mbali imodzi. Mu 2015 Mayeso Gwanda anamangidwa m'mbandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, mlandu wake uli wa vakabu. Iye anakasuma, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo la lamulo lomwe anamumangira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Mlanduwo unaonetsa poyera kuti woyenda wapansi usiku amakayikiridwa m'njira yomwe woyenda pa galimoto sakayikiridwa, ndipo banja losamukira kotchipa likulowa m'gulu la oyenda wapansiwo.

Kenako okana kusamuka amatenga pensulo. Tiyerekeze kuti banja lapulumutsa K80,000 pamwezi posamukira kutali, monga ku Machinjiri kapena cha ku Chileka. Ngati ulendo uliwonse wa minibasi wakwera ndi K1,000, munthu mmodzi wopita ndi kubwera masiku 22 watha K44,000. Akakhala awiri ndi K88,000, ana asanawerengedwe. Ndalama ija yatha, yalowanso m'thumba lina. Mafuta a galimoto akasowa, monga zinalili kumapeto kwa 2024, makondakitala amatchula mtengo womwe wawabwerera m'mutu, ndipo wokhala kutali alibe pothawira. Madzi a pa kiyosiki, ukawawerengera chigubu ndi chigubu, amadula kuposa a pampopi wa m'nyumba, osanena za nthawi yoima pamzere. Madzi ambiri a mzinda uno amachita kupopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry kukwera mtunda wonsewo, motero magetsi akavuta mipopi ya kumtunda ndi yomwe imayamba kuuma. Pa mita imodzi ya magetsi yogawana makomo anayi, mkangano wa mayunitsi umabuka mwezi uliwonse, ndipo wokhala ndi firiji ndi ayironi ndiye amalozedwa chala. Walira mvula walira matope, amatero okanawo, ndipo matope a lendi yotsika amabwera pang'onopang'ono moti suwaona pa tsiku lolipira.

Mpaka pano mbali ziwirizi zikukokana mofanana, ndipo nkhani zambiri za m'makomo zimathera pomwepa, wina atatopa. Ine ndikuona kuti onse awiri amataya nthawi yambiri pa mbava n'kungodutsa pa zinthu ziwiri zomwe zapha anthu ochuluka mu mzinda uno zaka zapitazi kuposa zikwanje.

Choyamba ndi madzi akumwa ndi zimbudzi. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unafika poti mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Kolera imakonda kumene chitsime chili m'munsi mwa chimbudzi chokumba, kumene mpopi ukauma anthu amatsikira ku Nasolo, ku Mudi kapena ku Naperi ndi ndowa. Sindikunena kuti lendi yokwera imagula madzi oyera nthawi zonse. Mu 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe, dera la nyumba zamapulani, anatunga m'mipopi mwawo madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji. Koma kumeneko chinali chinthu chodabwitsa chomwe chinafika kukhoti, pomwe m'madera ena madzi okayikitsa ndi a tsiku ndi tsiku nyengo yonse ya dzinja, ndipo palibe amene amasumira wina.

Chachiwiri ndi phiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo phiri la Soche linagumuka. Matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo zinatsikira ku Chilobwe ndi madera ozungulira, zina usiku anthu ali m'tulo. M'dziko lonse, akufa pamodzi ndi omwe sanapezeke anaposa 1,000. Sikanali koyamba, chifukwa mu Januwale 2015 madzi anaononganso kwambiri ku Chilobwe komweko. Ambiri mwa omwe ankakhala m'mwamba mwa phirilo sanakwereko chifukwa chokonda mphepo yabwino. Anakwera chifukwa ukamakwera lendi imatsika, puloti imatchipa, ndipo wogulitsa safunsa mapepala a khonsolo. Mitengo yomwe inkagwira dothi inatha, monga inatheranso pa phiri la Ndirande m'zaka za m'ma 1990, ndipo puloti iliyonse yatsopano imadula phirilo kuti papezeke malo osalala, n'kusiya chigwembe cha dothi chitaima kuseri kwa chipinda chogona. Nyumba yotere ikhoza kukhala yokongola, ya njerwa zootcha, yamatailosi, yampanda, ili ndi mlonda amene. Pa nthawi ya chilimwe palibe chomwe chingakuchenjezeni. A dobadoba omwe amakuonetsani nyumbayo amakulozerani kukongola kwa mzinda mukamauona kuchokera pamwamba.

Apa ndiye pamene ine ndaima. Katundu wobedwa amagulidwanso, ngakhale mokhumudwa ndi mochedwa. Chitseko chofooka chimasinthidwa, mawindo amawotcheredwa zitsulo, njira ya usiku imapezeredwa kabaza wodziwika kapena mnzako woyenda naye. Zonsezi zili ndi mtengo wake, ndipo banja likhoza kuuwerengera n'kuuchotsa pa ndalama yomwe likupulumutsa. Ikatsalabe yooneka, kusamuka n'kwanzeru, ndipo manyazi oti anzathu a kutchalitchi adzati chiyani asalowe nawo m'masamuwo. Koma malo otsetsereka m'munsi mwa phiri lodulidwa, kapena m'mphepete mwa mtsinje, alibe loko woti ungagule. Kumeneko ngakhale atati mukhale ulere miyezi itatu, banja lomwe likadali ndi mwayi wosankha lisapite.

Ndikuti lomwe likadali ndi mwayi wosankha chifukwa mtsutso wonsewu ndi wa anthu apakati. Mu 2024 boma linaika K90,000 ngati malipiro otsikitsitsa a pamwezi. Wolandira malipiro otsikitsitsa, kapena wodalira maganyu, sakhala pansi kuyerekeza Kanjedza ndi Bangwe. Amayerekeza chipinda cha m'munsi mwa phiri ndi cha pamwamba pake, ndipo kusiyana kwa ndalama zochepa chabe kumamukweza mtunda. Kumuuza munthu wotere kuti asamuke kumalo angozi popanda kumuonetsa malo ena omwe angakwanitse n'kungomunyoza. Imeneyo ndi ntchito ya khonsolo ndi unduna woona za malo, omwe amakumbuka nkhaniyi maliro akachitika.

Kwa amene angathe kusankha, cholakwika chachikulu n'kusankha potengera dzina la dera. Ndirande si malo amodzi. New Lines, Goliyo, Malabada ndi Chinseu zimasiyana misewu, madzi ndi usiku wake. Ku Machinjiri kuli mbali za mapuloti odulidwa bwino, zamisewu yolowa galimoto, ndi mbali zina zoti dzinja likafika ngakhale njinga yamoto imabwerera panjira. Ku Bangwe nyumba ziwiri za mtengo umodzi zikhoza kutalikirana mamita 300 okha, ina ili pamsewu wowala pafupi ndi golosale yotseka mochedwa, ina ili kutsidya kwa khwawa. Chimodzimodzinso kumadera otchuka: boyizikota ya kuseri kwa nyumba yaikulu, kumapeto kwa msewu wa zii wopanda minibasi, ikhoza kukhala ndi njira yoopsa kuposa ya ku Mbayani komwe anthu amayenda mpaka 10 koloko usiku. Wantchito wa m'nyumba aliyense wa kumayadi akhoza kukuuzani ngodya zomwe sadutsa yekha.

Nyumba imaonetsedwa Loweruka masana, eni ake atasesa pabwalo, ndipo nthawi imeneyo siuza munthu chilichonse. Wofuna kudziwa zoona abwerenso mkati mwa sabata cha m'ma 8 koloko usiku, atsike minibasi pomwe azidzatsikira, ayende njira yonse mpaka pakhomo, ndipo woyendayo akhale yemwe azidzafika mochedwa kuposa onse m'banjamo, ali ndi womuperekeza. Mawu ake alemere kuposa a wolipira lendi. Ngati n'kotheka nyumbayo ionedwe mvula itangogwa kumene, chifukwa madzi amaonetsa okha njira yawo. M'chilimwe umayang'ana mzere wa matope m'munsi mwa khoma, matumba a mchenga omwe aunjikidwa pakhomo, ming'alu yomatidwa chatsopano, ndi chomwe chili kumtunda kwa nyumbayo. Mafunso asapite kwa a dobadoba, omwe chawo ndi ndalama yoonetsera nyumba, kapena kwa eni nyumba. Apite kwa amayi a pa kiyosiki, kwa wogulitsa makala ndi kwa akabaza a pasiteji. Amenewo akakufunsani kuti, "Mukunena nyumba ya geti yobiriwira ija? Alowamonso ena?", musachoke msanga, pali nkhani.

Chomwe chimamanga anthu ambiri ndi lendi ya miyezi itatu yolipiriratu. Banja lomwe latsanula zonse zomwe linali nazo, n'kulipiranso lole ndi a dobadoba, likazindikira sabata yachiwiri kuti lalakwitsa silingathenso kutuluka mpaka miyeziyo ithe, ndipo ndalama yosamukiranso imakhala kulibe. N'chifukwa chake kukambirana kuti muyambe ndi mwezi umodzi kapena iwiri kuli ndi phindu kuposa kunenerera kuti achotseko K5,000. Komanso musanayitane lole, pitani kaye kwa eni nyumba yomwe mukukhalayo. Iwonso amachita masamu awo: nyumba ikakhala miyezi iwiri yopanda munthu, kuphatikizapo penti ndi kukonza zowonongeka, akhoza kutaya zambiri kuposa zomwe amafuna kuwonjezera chaka chonse, ndipo sakudziwa ngati wolowayo azidzalipira pa nthawi yake. Munthu yemwe wakhala zaka zingapo osaphonya mwezi ali ndi poyambira kukamba. Ena amakana ndithu, poti ofuna nyumba ndi ambiri ndipo wina walonjeza kale ndalama yoposa. Koma ena amavomera kukweza theka lokha, kapena kudikira mpaka Epulo mvula itatha, ndipo miyezi imeneyo imakwana kuti banja lione madera omwe likuwaganizira ali m'matope.